Wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima: mmene mabakiteriya a m'nyanja amakhalira ndi dzuwa

Chakudya chawo chimachokera kudzuwa, ndipo chowapha chili m'dzuwa momwemo. Kwa zaka mabiliyoni, zamoyo zosaoneka ndi maso zakhala pamoto osapsa, ndipo mpweya umene mukupuma powerenga nkhaniyi ndiwo umboni wake.

Kumadzulo kwa dziko la Australia, m'kati mwa Shark Bay, muli gombe lotchedwa Hamelin Pool. Madzi ake ndi owawa mchere kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi a m'nyanja yaikulu, moti nkhono ndi tinyama tambiri todya ndere sitikhalitsamo. Nyanja ikaphwa pamatulukira miyala yobulungira yambirimbiri, yakuda pamwamba, itandanda ngati zulu zazifupi m'dambo. Mlendo akhoza kuidutsa osacheuka. Koma miyalayi siinagubuduke kuchokera kuphiri, ndipo siinabwere ndi madzi osefukira. Inachita kumangidwa, ndipo amisiri ake akadali pantchito mpaka lero.

Amisiriwo ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Kale anthu ankawayesa ndere chifukwa cha kubiriwira kwawo. Amakhala pamwamba penipeni pa mwala uliwonse, m'kachikopa koterera kopyapyala, mmene amakola timchenga ndi laimu n'kumazimata pamodzi. Chaka chonse chimatha mwala osakula ngakhale milimita imodzi. Mu 1956 ndi pamene asayansi anazindikira kuti miyala ya pagombeli, imene amaitcha stromatolite, ikukula ndithu, yofanana ndi ina yakale kwambiri imene ankangoipeza itauma m'matanthwe.

Tsono taganizani za masana pamalopo. Madzi aphwa, dzuwa lili paliwombo, mtengo palibe, mtambo palibe. Munthu ataima pamenepo maola angapo wopanda chipewa, khungu lake lingapse mpaka kusupuka. Mabakiteriya aja amakhala pomwepo tsiku ndi tsiku, ndipo sangasamukire kumdima chifukwa kumdimako njala iwapha: iwo amapanga chakudya kuchokera ku kuwala, madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Akuluakulu anati wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Zamoyo zimenezi zinakwatira kwa dzuwa, ndipo zinaphunzira kukhala nalo. Funso ndi lakuti, zimatha bwanji?

Kuwala kumene maso saona

Utawaleza umayamba ndi mtundu wofiira n'kukathera pa wapepo. Kumeneko ndi kumene maso athu amalekezera, koma dzuwa silinalekezere pomwepo. Mu 1801, mumzinda wa Jena ku Germany, Johann Wilhelm Ritter anaika pepala lopakidwa mankhwala a siliva pa mitundu ya utawaleza wopangidwa ndi galasi. Pepalalo linada msanga kwambiri pamalo ooneka ngati opanda kanthu, kungopitirira pang'ono mtundu wapepo. Apo ndi pamene dziko linadziwira za cheza chotchedwa ultraviolet, mwachidule UV.

Asayansi amayeza kuwala ndi muyezo wotchedwa nanomita, ndipo mu milimita imodzi muli mananomita 1 miliyoni. Cheza cha UV anachigawa patatu. UV-C, wa mananomita 100 mpaka 280, ndiye wolusa kuposa onse, koma amatsekerezedwa kumwamba safika pansi. UV-B, wa 280 mpaka 315, amafika wochepa koma waululu. UV-A, wa 315 mpaka 400, amafika wochuluka zedi. Ndipo madzi si chitetezo chokwanira. Pakati pa nyanja zikuluzikulu, kumene madzi ndi oyera mbee opanda matope, chezachi chimalowa pansi mamita makumi angapo.

Chikafika m'selo chimawononga patatu. Choyamba ndi DNA, ulusi umene umasunga malangizo onse a moyo m'zilembo zinayi, A, T, G ndi C. UV-B akamenya pamene zilembo ziwiri za T zagundizana, ziwirizo zimamatana, ulusi umapindika, ndipo selo silingathenso kuwerenga kapena kukopera bwino malangizo a pamenepo. Chachiwiri ndi makina opangira chakudya, amene utoto wake umafwifwa ndipo mapuloteni ake amathyoka. Chachitatu ndi chobisika: UV-A akakumana ndi okosijeni m'kati mwa selo amabala tizidutswa taukali timene timaotcha chilichonse chimene tagunda, ngati moto wothetheka pafupi ndi denga la udzu.

Mdani wolowera makomo atatu satsekeredwa ndi chitseko chimodzi. N'chifukwa chake mabakiteriyawa alibe chida chimodzi chokha. Ali ndi mthunzi, utoto, mafuta, zigamba, nthawi ndi anansi.

Mpeni pa chikopa cha m'matope

Malo abwino oonerapo nzeru ziwiri zoyambazo ndi m'magombe athyathyathya amatope, monga a ku Guerrero Negro m'dziko la Mexico, kumene amakumba mchere. Kumeneko pansi pamayalidwa chinthu chonga chikopa cha ng'ombe chofufuta, chodera, cholimba moti chimasendeka ndi dzanja. Mukachidula ndi mpeni n'kuyang'ana m'mbali mwa podulidwapo, mumaona mizere yosanjikizana ngati nsalu zopindidwa m'sutikesi. Pamwamba pali mzere wodera. Pansi pake pali wobiriwira kwambiri. Kenako pamabwera wofiirira, ndipo pansi penipeni pali matope akuda onunkha ngati dzira lovunda. Mizere yamitunduyi imakwana m'mamilimita ochepa chabe, koma uliwonse ndi mudzi paokha, wokhala ndi anthu ake ndi ntchito zake.

Okhala mumzere wobiriwira ndi mabakiteriya aatali ngati ulusi, amene amatha kukwawa pang'onopang'ono. M'mawa, dzuwa likadali lofatsa, amakwera pamwamba kukawothera kuwala. Likayamba kuswa mtengo amatsikira pansi, kubisala kunsi kwa timchenga ndi kwa anzawo. Mu 1995, Brad Bebout ndi Ferran Garcia-Pichel anayesa zimenezi pa zikopa zochokera ku Solar Lake, dziwe lamchere la ku Sinai m'dziko la Egypt. Anapeza kuti mabakiteriya otchedwa Microcoleus amamva UV-B payekha, ndipo akangomumva amatsika. Ulendo wake ndi waufupi kwambiri, koma m'dziko lawo kachigawo ka milimita ndi kusiyana kwa pabwalo ndi pakhonde. Mlimi amene amalawirira kumunda n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo akuchita chimodzimodzi.

Nanga okhala pamwamba penipeni, amene alibe kothawira? Awa amavala. Ulusi uliwonse umakhala m'kati mwa m'chimake monga mpeni, ndipo m'chimakemo amathiramo utoto wodera wachikasu. Woyamba kulemba za utotowu anali katswiri wa zomera wa ku Switzerland, Carl Nägeli, mu 1849, ndipo pambuyo pake unapatsidwa dzina lakuti scytonemin. Panadutsa zaka zoposa 140 ntchito yake isanadziwike bwino. Mu 1991, Garcia-Pichel ndi mphunzitsi wake Richard Castenholz ku University of Oregon anasonyeza kuti utotowu umayamwa kwambiri kuwala kwa mananomita pafupifupi 370, pakati penipeni pa UV-A, ndiponso kuti mabakiteriya amachulukitsa utotowo akaombedwa ndi chezacho. Mu 1993, mogwirizana ndi Philip Proteau ndi William Gerwick, anatulukira kapangidwe kake. M'chimake wokhuta utoto amatha kutchinga mpaka magawo 90 pa 100 alionse a UV-A asanafike m'selo, koma kuwala kofiira kumene makina opangira chakudya amafuna kumadutsa.

Ubwino waukulu wa scytonemin ndi kulimba kwake. Nyanja ikaphwa kwa nthawi yaitali chikopa chija chimauma gwa, maselo amagona tulo tofa nato, ndipo ntchito zonse zokonza zowonongeka zimaima. Koma utoto sugona. Umakhala panja ukutchinga, ngati denga limene limateteza katundu ngakhale eni nyumba atachoka. Madzi akabwerera, maselo amadzuka ali amoyo. Ndipo mzere wodera wa pamwambawu ndi umenenso umapereka mthunzi kwa onse okhala pansi pake.

Utoto umenewu suli kutali nafe. Kudera kwa matanthwe ambiri a m'madera otentha a Africa, ndi mizere yakuda imene imatsika pamiyala ikuluikulu potsata njira ya madzi a mvula, kawirikawiri si mtundu wa mwalawo ayi. Ndi abale apamtunda a mabakiteriya omwewa, atavala malaya awo adzuwa.

Mafuta osaoneka ndi utuchi wa m'nyanja

Kutali ndi gombe, pakati pa madzi, kulibe matope obisalamo. Mu 1770, amalinyero a m'chombo cha James Cook ali kufupi ndi Australia anaona zinthu zodera zitayala pamwamba pa nyanja mtunda wautali, ndipo anazitcha utuchi wa m'nyanja. Charles Darwin anazionanso mu 1832 kufupi ndi gombe la Brazil. Utuchi umenewo ndi Trichodesmium, mtundu wa cyanobacteria umene ulusi wake umamangana timitolo tooneka ndi maso. Amapezeka m'nyanja zonse zofunda, kuphatikizapo Indian Ocean kugombe la kum'mawa kwa Africa.

Trichodesmium ndi wofunika chifukwa amatenga nayitulojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha zomera, monga zimachitira nyemba ndi mtedza m'munda. M'madzi osauka a pakati pa nyanja, iyeyu ndiye fetereza. M'maselo ake muli timatumba ta mpweya timene timamuyandamitsa, moti nyanja ikakhala bata amaunjikana pamwamba penipeni, pamene cheza chimamenya ndi mphamvu zake zonse.

Chitetezo chake sichioneka ndi maso. Mu 1969, wasayansi wa ku Japan, Kazuo Shibata, anapeza m'makorali ndi m'mabakiteriya obiriwira a ku Great Barrier Reef chinthu chopanda mtundu, chosungunuka m'madzi, chimene chinkayamwa kwambiri cheza cha mananomita pafupifupi 320. Lero zinthu zotere, zimene zili ngati mafuta oteteza ku dzuwa, zikudziwika zoposa 30, ndipo zonse pamodzi zimatchedwa MAA. Zina mwa izo ndi shinorine, porphyra-334, asterina-330 ndi palythine. Chilichonse chili ndi gawo lake la cheza limene chimagwira, kuyambira mananomita 310 mpaka pafupifupi 360, moti zikasakanizana zimatseka mpata waukulu. Chodabwitsa ndi chimene zimachita ndi mphamvu imene zagwirayo. Siziisunga, ndipo sizithyoka nayo. M'kanthawi kochepa kosaneneka zimaisandutsa kutentha pang'ono kumene kumamwazikira m'madzi, kenako zimakhala zokonzeka kugwiranso ina. Trichodesmium ali m'gulu la zamoyo zoyandama zokhala ndi MAA wochuluka kwambiri.

Mu 2010, Emily Balskus ndi Christopher Walsh a ku Harvard Medical School anasonyeza kuti majini anayi okha ndi okwanira kupangira shinorine. Anawachotsa mu cyanobacteria wotchedwa Anabaena variabilis n'kuwaika mu bakiteriya wina amene sapanga mafutawa, ndipo mlendoyo anayamba kuwapanga.

Mafuta amenewa sathera mwa owapanga. Tinyama ting'onoting'ono tikadya ndere ndi mabakiteriya timatenga MAA, nsomba zikadya tinyamato zimatenganso, ndipo amakapezeka m'maso mwa nsomba, m'mazira a zamoyo zambiri za m'nyanja, ndi m'zoterera za pakhungu la nsomba za m'makorali. Chimene wamng'ono anaphika kuti adziteteze yekha chimafika pambale ya mudzi wonse.

Wamng'ono amene sangadzole

Pali wina amene utoto ndi mafuta sizingamuthandize, ndipo ndi amene ali wochuluka kuposa onse. Mu 1986, Sallie Chisholm wa ku Massachusetts Institute of Technology, Robert Olson wa ku Woods Hole ndi anzawo ankapima madzi a ku Sargasso Sea ndi makina owerenga maselo limodzilimodzi pogwiritsa ntchito kuwala. Anaona timadontho tofooka timene wina akanatiyesa fumbi la m'makina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1988 analengeza kuti apeza chamoyo chatsopano, chimene chinadzatchedwa Prochlorococcus.

Palibe chamoyo china chodziwika chopanga chakudya ndi kuwala chimene ndi chaching'ono kuposa iyeyu. Maselo oposa 1,500 atandanda mzere umodzi ndi pamene angakwane milimita. M'kamlingo ka mililita imodzi ka madzi apamwamba mukhoza kukhala maselo oposa 100,000, ndipo akatswiri akuyerekeza kuti m'nyanja zonse alipo 3 wotsatidwa ndi maziro 27. Pafupifupi theka la okosijeni amene amapangidwa padziko chaka chilichonse amachokera m'nyanja, ndipo Prochlorococcus ndi m'bale wake Synechococcus, amene John Waterbury ndi anzake analengeza mu 1979 kuti ndi wofala m'nyanja, ali ndi gawo lalikulu pa ntchitoyo.

Mu 1994 Garcia-Pichel anawerengera masamu ake n'kusonyeza chifukwa chimene wamng'ono chonchi sangadalire mafuta. Kuti chotchinga chigwire ntchito chimafunika kukhuthala. Nsalu yopyapyala kwambiri, ngakhale ikhale yakuda bwanji, dzuwa limaiboola. Selo losakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ngakhale litapanga mafuta ochuluka mmene lingakwanitsire, cheza chambiri chikanadutsabe. Choncho Prochlorococcus amalola kumenyedwa, n'kuika mphamvu zake pa kusoka zigamba.

Telala wake wamkulu ndi puloteni yotchedwa photolyase. Imayenda pa ulusi wa DNA kufunafuna pamene zilembo za T zamatana. Ikapapeza imakhala pomwepo, imatenga mphamvu kuchokera ku kuwala kwa buluu, n'kulekanitsa zilembo ziwirizo kuti zibwerere mwakale. Dzuwa lomwe lavulaza ndi limenenso limalipira sing'anga. Albert Kelner anaona koyamba mu 1949 kuti mabakiteriya ovulazidwa ndi UV amachira akaikidwa pa kuwala wamba, ndipo Aziz Sancar, wobadwira ku Turkey, anathera zaka zambiri akufukula mmene puloteniyi imagwirira ntchito. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Tomas Lindahl ndi Paul Modrich chifukwa cha kafukufuku wa kakonzedwe ka DNA. Mitundu ya Prochlorococcus yokhala kufupi ndi pamwamba ili ndi jini ya photolyase, pamene yambiri mwa yokhala pansi, mamita oposa 100 kumene kuwala n'kochepa, ilibe. Aliyense ananyamula chida chogwirizana ndi kwawo.

Makina opangira chakudya nawonso amakonzedwa osalekeza. Pakati pawo pali puloteni yotchedwa D1, imene ili pamalo oswera madzi kuti okosijeni atuluke. Ndi malo amoto, ndipo D1 amapsa msanga. Dzuwa likalimba, selo limatha kuchotsa D1 wopsayo n'kuikapo watsopano pakangotha theka la ola kapena ola limodzi, makina akuyendabe. Pambali pake pamakhala utoto wachikasu wotchedwa zeaxanthin, wothandiza kuzimitsa tizidutswa taukali ta okosijeni tija. Dzinali linachokera ku Zea, dzina la chimanga m'sayansi, pakuti ndi utoto womwewo umene umakongoletsa chimanga chachikasu.

Nthawi ndi anansi

DNA imakhala pangozi yaikulu pamene ikukoperedwa, ulusi wake utamasuka. Prochlorococcus sachita zimenezi masana. Tsiku lonse amasonkhanitsa chakudya, amayamba kukopera DNA dzuwa litapendeka, ndipo selo limagawikana pawiri usiku. Mu 1995, Daniel Vaulot ndi anzake anapeza m'nyanja ya Pacific kuti maselo okhala pamwamba amachedwerapo kuyamba ntchitoyi kusiyana ndi okhala pansi. Mu 2010, ofufuza a ku Roscoff m'dziko la France anayesa zomwezo m'labotale: atawonjezera UV pa kuwala kwa masana, maselo anakankhira kukopera DNA kutsogolo ndi maola pafupifupi awiri, mpaka mdima utagwa. Mayi wanzeru sayanika ufa mphepo ya kamvulumvulu ikuomba.

Chida chomaliza sichili m'thupi mwake n'komwe. Dzuwa likaomba madzi apamwamba limapanga hydrogen peroxide, mankhwala omwe aja otsukira zilonda, amene m'selo laling'ono ndi poizoni. Zamoyo zambiri zili ndi puloteni yotchedwa catalase yowaswera mankhwalawa. Prochlorococcus alibe. Pofuna kupepuka anataya majini ambiri, moti mtundu wina uli ndi majini pafupifupi 1,700 okha, ndipo ya catalase inapita nawo. Gulu la Erik Zinser ku University of Tennessee linasonyeza mu 2011 kuti iyeyu amapulumuka pamwamba pa nyanja chifukwa mabakiteriya ena, monga Alteromonas, amayeretsa madzi omuzungulira. Akawachotsa anansiwo, iye amafa ndi mlingo wa peroxide umene umapezeka masana wamba. Nawonso anansiwo amadya zotsalira zimene iye amatulutsa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale m'dontho la madzi.

Denga limene anafolera dziko lonse

Pamene makolo a mabakiteriyawa ankayamba ntchito yawo, mumlengalenga munalibe okosijeni woti n'kutchula, ndipo popanda okosijeni palibe ozoni. Cheza chonse, ngakhale UV-C wolusa uja, chinkafika pansi mopanda chotchinga. Anapirira m'nyengo imeneyo, akuswa madzi ndi kutulutsa okosijeni kadontho kadontho. Zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo mpweyawu unayamba kuunjikana mumlengalenga. Kumwamba, dzuwa linaswa ena mwa okosijeniyo n'kupanga ozoni, amene lero ali pa mtunda wa makilomita 15 mpaka 35 kuchokera pansi. Ozoni yense atamutsitsira pansi n'kumupanikiza mofanana ndi mpweya umene timapumawu, angakhuthale mamilimita atatu okha. Koma ndi iye amene amagwira UV-C yense ndi gawo lalikulu la UV-B. Popanda dengali, zomera ndi nyama sizikanakhazikika pamtunda mmene zililimu.

Komabe walira mvula walira matope. Ozoni sagwira UV-A, ndipo UV-A amaluma kwambiri pamene pali okosijeni. Mphatso imene mabakiteriyawa anapatsa dziko inawabweretsera okha vuto latsopano. Kafukufuku wa mu 2019, wotsogoleredwa ndi Garcia-Pichel yemwe uja ali ku Arizona State University, anatsata mbiri ya majini opangira scytonemin n'kupeza kuti utotowu unayamba zaka pafupifupi 2.1 biliyoni zapitazo, nyengo imene okosijeni anali atangofala. Malaya odera aja anasokedwa poyankha moto umene eni ake anaukoleza.

Denga limene linatenga nthawi yonseyo kufolera, anthu tinaliboola m'zaka makumi ochepa. Mu 1974, Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza kuti mipweya ya CFC, ya m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, ikafika kumwamba imadya ozoni. Mu 1985, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin a British Antarctic Survey analengeza kuti pamwamba pa Antarctica ozoni wachepa modetsa nkhawa. Gulu la Raymond Smith litapita kukayeza m'madzi a kumeneko, linalemba mu 1992 kuti pansi pa chiboocho, m'mphepete mwa madzi oundana, ndere zoyandama zinkapanga chakudya chochepa ndi magawo 6 mpaka 12 pa 100 alionse. Zida zodzitetezera zilipo, koma zili ndi malire, ndipo mphamvu iliyonse yothera pa zigamba ndi mphamvu yochotsedwa pa kukula.

Apa dziko linamva. Pangano la Montreal la mu 1987 linaletsa pang'onopang'ono mipweya yowononga ija, ndipo mayiko onse a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, analivomereza. Lipoti limene bungweli linatulutsa kumayambiriro kwa 2023 linati ngati malamulowa apitirira kutsatidwa, ozoni abwerera mmene analili mu 1980 pofika cha m'ma 2040 m'madera ambiri a dziko, ndipo cha m'ma 2066 pamwamba pa Antarctica.

Phunziro lofika pakhungu lathu

Munthu alibe photolyase. Selo lathu likavulazidwa ndi dzuwa limachita kudula kachigawo konse kowonongeka n'kulembanso, njira yochedwa imene nthawi zina imaphonya, ndipo zophonya zikaunjikana zimabala khansa ya pakhungu. Chotchinga chathu chachibadwa ndi melanin, utoto umene umadetsa khungu. Ndiwo scytonemin wathu.

N'chifukwa chake opanga mafuta oteteza khungu ayang'ana kunyanja. Mankhwala ena a m'mafuta ofala akuwakayikira kuti amavulaza makorali, moti boma la Hawaii linaletsa kugulitsa mafuta okhala ndi oxybenzone ndi octinoxate kuyambira pa 1 January 2021, ndipo dziko la Palau linali litaletsa kale mu 2020. Pamene MAA wakhala akudyedwa ndi nsomba kuyambira kalekale. Kampani ina ya ku Switzerland imagulitsa kale chophatikiza cha m'mafuta odzola chotchedwa Helioguard 365, chokhala ndi shinorine ndi porphyra-334 wochokera ku ndere zofiira. Ntchito imene ofufuza ali nayo tsopano ndi yopanga zinthuzi zochuluka pamtengo woti munthu wamba akwanitse, ndipo majini anayi a Balskus ndi Walsh ndiwo anatsegula njirayo.

Nkhani imeneyi kwathu kuno ili ndi nkhope. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino oposa 134,000. Khungu lawo lili ndi melanin wochepa kwambiri, ndipo dzuwa limene ena timangolidandaula kuti latentha, kwa iwo limabweretsa zilonda zimene zikanyalanyazidwa zimasanduka khansa. Mwana wachialubino amene akuyenda ulendo wautali wopita kusukulu dzuwa lili paliwombo, kapena mayi amene akupalira m'munda manja ali pamtunda, akulandira cheza chomwecho chimene chimamenya miyala ya ku Hamelin Pool, koma wopanda m'chimake, wopanda telala wa kuwala kwa buluu.

Zimene mabakiteriya aja anaphunzira m'zaka mabiliyoni ndi zakuti chida chimodzi sichikwana. Pamafunika mthunzi, chovala, mafuta, kusankha nthawi, kukonza bala likadali laling'ono, ndi anansi okuthandiza. Zonsezi munthu angazichite lero. Chipewa chachikulu ndi malaya aatali manja asasowe kwa mwana wachialubino. Aphunzitsi asamuimike padzuwa masana. Ntchito zakumunda zigwiridwe m'mamawa ndi madzulo. Mafuta oteteza khungu apezeke m'zipatala zazing'ono zakumidzi nthawi zonse, monga mmene timayembekezera mankhwala a malungo. Ndipo kachilonda ka pakhungu kamene sikakupola kaonetsedwe kuchipatala msanga, osadikira kuti kakule.